Kuchokera ku Dedza kukaphunzira ku Germany: zochita m'masabata awiri oyamba

Mwana wa achemwali anga wa ku Bembeke wapeza mwayi wokaphunzira ku Germany kwa semesita imodzi, pa mgwirizano wa yunivesite yake ndi ina ya kumeneko. Atabwera kudzandiuza, funso lake loyamba linali la kuzizira. Ndinamuyankha kuti za kuzizira tikambirana, koma chimene chimasautsa ana athu masiku oyamba si chisanu ayi, ndi kudikira. Kwathu kuno mlendo akafika amamulandira katundu, amamupatsa mpando, madzi osamba amamuikira kubafa, iye n'kungokhala phee mpaka eni khomo amuuze chochita. Kutero ndiye kuleredwa bwino. Koma ku Germany mukakhala phee m'chipinda kudikira wina adzakutengeni, masabata awiri adzatha musanalembetse paliponse, ndipo palibe adzadziwe kuti mwavutika. Anthu ake si ouma mtima. Iwo amangoti munthu amene sanafunse ndiye kuti zake zili bwino.

Njira imeneyi ndinaiyendapo, choncho ndalemba zimene ndinamuuza mwanayo, motsatana kwake, kuti ena a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene akumanga katundu wa ulendo wotere atolepo zawo.

Usiku woti mawa ndi ulendo

Mapepala onse ayende nanu m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi: pasipoti yokhala ndi viza, kalata yokulandirani ku yunivesite, kalata ya amene akukulipirirani, pepala la inshulansi ndi adiresi ya kumene mukagone. Sutikesi imatha kutsalira ku Addis Ababa n'kukupezani mkuja, ndiye mapepala asatsalire nayo. Jambulani pepala lililonse pa foni, mudzitumizire pa imelo, makope ena musiyire munthu mmodzi wodalirika kunyumba. Adiresi ija ndi nambala ya ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja muzilembenso pakapepala ndi cholembera, chifukwa foni imatha moto pamene mwaifunitsitsa.

Amayi adzafuna kukulongedzerani munda wonse, ndipo kuwakaniza n'kowawa, koma akanizeni. Mbatatesi, ngakhale ikhale ya pa Tsangano yokoma chotani, saloleza kulowa nayo ku Germany, ngakhale iwiri yokha. Nyama, yaiwisi kapena yowamba, ndi chilichonse cha mkaka n'zoletsedwa kulowa nazo m'maiko a European Union kuchokera kwathu kuno. Masamba aawisi ndi zipatso zambiri zimafuna chiphaso chapadera, ndiye za pa Lizulu zija zisiyeni. Koma nsomba zouma amaloleza mpaka makilogalamu 20. Ine ndinatenga usipa wouma bwino womangidwa m'mapulasitiki awiri, ufa woyera pang'ono, mthiko ndi chipande. Mthiko musauiwale. Ufa mukaupeza m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa, koma mthiko woti muvundulire nsima mpaka ilimbe ndi wa kwanu konkuno.

Musadzitonthoze kuti poti munakulira mu Juni wa ku Dedza ndiye chisanu mukuchidziwa. Inde boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo m'mawa zala zimauma, koma dzuwa likakwera anthu amavula majuzi. Kumeneko mu Disembala ndi Januwale kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana, usana wonse osasintha. Semesita yachisanu imayamba mu Okutobala, kuzizira kutayamba kale. Sankhani jekete imodzi yochindikala pa kaunjika, yosalowa madzi, ndipo ikhale m'manja potsika ndege. Nsapato zikhale zotseka. Zina zonse mukagule komweko mutaona mmene eni dziko akuvalira.

Tinthu titatu tomaliza. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi a kumeneko, omwe ndi a mabowo awiri ozungulira, choncho gulani adaputala mu Lilongwe musanakwere ku Lumbadzi. Simu yanu ya Airtel kapena TNM musaitaye, pakuti banki yanu ndi zina zambiri zinalembetsedwa pa nambala imeneyo. Ndipo khalani ndi mayuro pang'ono m'thumba, 100 kapena 200, chifukwa makwacha simudzapeza powasintha.

Kutsika ndege

Ambiri ochokera kwathu amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo amene adzera ku Addis Ababa amatha kutera ku Frankfurt. Pamzere wa mapasipoti apolisi adzakufunsani chimene mwabwerera, kumene mukakhale, ndi nthawi imene mukhale. Yankhani mwachidule, kalata ya yunivesite ili m'manja, ndipo ayang'aneni kumaso. Ife tinaphunzitsidwa kuzolika polankhula ndi akuluakulu. Kumeneko kuyang'ana pansi ena amakutenga ngati munthu akubisa kanthu. Chizolowezi chimenechi muyambire pomwepo kuchisintha, chifukwa chidzakutsatani ku ofesi iliyonse ndi m'kalasi momwe.

Sutikesi ikapanda kutuluka, musachoke m'holo ya katundu musanakanene pa desiki ya katundu wosowa, ndipo muwaonetse kapepala komatidwa kamene anakupatsani ku Lilongwe. Potuluka pali njira ziwiri, yobiriwira ya amene alibe choonetsa ndi yofiira ya amene ali nacho. Mukakayikira za chakudya chimene mwanyamula, dzerani kofiira mufunse. Kutayitsidwa chinthu pofunsa n'kopepuka kusiyana ndi kupezeka nacho mutadzera kobiriwira.

Pabwalo la ndege pali Wi-Fi yaulere. Tumizani uthenga kunyumba pomwepo kuti mwafika, pakuti amayi sanagone.

Sitima zili pabwalo la ndege pomwepo. Gulani tikiti musanakwere, pa makina kapena pa foni. Wopezeka m'sitima kapena m'basi alibe tikiti yoyenera amalipitsidwa mayuro 60, ndipo kunena kuti ndine mlendo sikuthandiza. Sitima imatha kuchedwa, koma siidikira munthu ngati minibasi ya pa depoti ya Dedza yodikira kudzaza. Imaima mphindi zochepa basi. Zitseko zambiri sizitseguka zokha, mumadina batani. Sunthirani katundu wanu kuchitseko siteshoni yanu isanakwane.

Powoloka msewu yambani kuyang'ana kumanzere. Magalimoto amayenda mbali ya kumanja, mosemphana ndi pa M1, ndipo mutu wanu wozolowera kuyamba kumanja ukhoza kukuphetsani. M'mbali mwa msewu mumakhala kanjira ka njinga, nthawi zambiri kopakidwa utoto wina. Musayendemo.

Kiyi, chipinda, ndi Lamulungu loyamba

Ngati mungathe kusankha tsiku la ndege, sankhani loti mufike pakati pa sabata, m'mawa. Kiyi wa chipinda cha ku hositelo amaperekedwa ndi woyang'anira nyumba, amene amamutcha Hausmeister, pa maola ake a ntchito okha. Mulembereni imelo mukadali ku Malawi, mumuuze tsiku ndi ola lofikira, ndipo mufunse ngati m'chipindamo muli zofunda. Kawirikawiri mumakhala bedi ndi matiresi basi, popanda bulangete, pilo, poto kapena mbale.

Musanatulutse katundu m'sutikesi, jambulani chipinda chonse: khoma, pansi, zenera, matiresi, paliponse pamene pali banga kapena pophwanyika. Polowa mumapereka ndalama ya chikole yotchedwa Kaution, ndipo pochoka amadulapo pa chilichonse chimene chawonongeka. Pepala lolembapo mmene chipinda mwachipezera muliwerenge musanasaine. Kiyi mumusunge ngati pasipoti, chifukwa m'nyumba zambiri kiyi mmodzi amatsegula zitseko zingapo ndipo kumutaya n'kodula.

Kenako lembani dzina lanu pa bokosi la makalata, mmene lalembedwera mu pasipoti. Kanthu kakang'ono aka n'kofunika kwambiri. Dziko limenelo limayenda ndi makalata a papepala: khadi ya banki, nambala yake yachinsinsi, khadi ya inshulansi, nambala ya msonkho, zonse zimabwera pa positi, ndipo kalata imene dzina lake palibe pa bokosi imabwezedwa.

Ine ndinafika Loweruka madzulo, ndinagona ndi njala yochepa poganiza kuti m'mawa ndikagula chakudya. Kutacha ndinayenda mtunda wautali ndikupeza sitolo iliyonse yotseka. Lamulungu masitolo ku Germany satsegula, kupatula a m'masiteshoni akuluakulu a sitima, a pamalo omwetsera mafuta ndi ena ophika buledi m'mawa. Tsiku limenelo ndinalimaliza ndi mabisiketi a mu ndege, ndili ndekha, ndipo ndinalira. Chimene chimandipweteka ndikakumbukira n'chakuti khomo loyandikana nalo munali wophunzira mnzanga amene anali ndi mpunga ndi mazira, yemwe pambuyo pake anandifunsa chifukwa chimene sindinagogode. Gogodani. Tsiku loyamba lomwelo gogodani pa zitseko za oyandikana nawo, munene dzina lanu ndi kumene mwachokera.

Pokagula zinthu, masitolo otsikirapo mtengo ndi monga Aldi ndi Lidl. Tengani jumbo yanu ndi kandalama kachitsulo kotsegulira ngolo. Mabotolo apulasitiki a zakumwa ndi zitini zambiri zimakhala ndi chikole cha masenti 25 chotchedwa Pfand, ndipo mukazibweza pa makina a m'sitolo ndalamayo imabwerera. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Zinyalala amazipatula, mapepala paokha, mapulasitiki paokha, magalasi paokha, zotsala za chakudya paokha. Funsani mnzanu wa m'nyumba akuonetseni kamodzi.

Mapepala: lina limatsegulira linzake

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Maofesi a kumeneko ali ngati maunyolo, lililonse limafuna pepala lochokera ku linzake. Mukasemphanitsa ndondomeko mudzayenda maulendo awiri pa chinthu chimodzi.

Yambani ndi International Office ya yunivesite yanu, ofesi ija yoona za ophunzira ochokera kunja, tsiku loyamba la ntchito mutafika. Pitani nokha ndi miyendo, musangolemba imelo. Akupatsani ndandanda ya sabata yolandira alendo, ndipo mayunivesite ambiri amakupatsani wophunzira wa komweko wokuthandizani masiku oyamba. Munthu ameneyo mugwiritseni ntchito. Musamuchitire manyazi poganiza kuti mukumutopetsa, anadzipereka yekha.

Chachiwiri ndi kulembetsa malo okhala, kumene amati Anmeldung. Lamulo limati munthu alembetse pasanathe masabata awiri chilowereni m'nyumba. Ofesi yake m'mizinda yambiri imatchedwa Bürgeramt, kwina Einwohnermeldeamt. Mumatenga pasipoti, fomu yodzaza, ndi pepala losainidwa ndi eni nyumba lotsimikiza kuti mukukhaladi pamenepo, la dzina lalitali lakuti Wohnungsgeberbestätigung. Dzinalo lisakuopseni, lilembeni pakapepala mumuonetse Hausmeister tsiku lomwe mukulandira kiyi, adziwa chimene mukufuna. Pangano la lendi palokha silikwanira. M'mizinda yambiri simungangofika pa ofesi, mumayamba mwasungitsa tsiku pa intaneti, ndipo masiku apafupi amatha msanga. Sungitsani tsikulo usiku woyamba womwewo. Mukapeza kuti tsiku lopezeka lili kupitirira masabata awiri, litengeni ndithu ndipo musunge umboni woti munasungitsa nthawi yake isanathe.

Mukalembetsa amakupatsani pepala lotsimikiza. Limeneli ndiye limafunidwa ndi mabanki ambiri potsegula akaunti, ndiponso ku ofesi ya boma yoona za alendo ochokera kunja. Patapita masiku, pa positi pamabwera nambala yanu ya msonkho. Pamabweranso kalata yokuuzani za ndalama ya wailesi ndi kanema za boma, Rundfunkbeitrag, mayuro 18.36 pamwezi pa nyumba iliyonse, kaya muli ndi kanema kaya mulibe. Musaitaye kalata imeneyo poganiza kuti ndi zotsatsa malonda. Ngati mukukhala angapo m'nyumba imodzi, funsani ngati wina akulipira kale, mugawane.

Chachitatu ndi inshulansi ya zaumoyo. Popanda umboni wake yunivesite siikulembani m'kaundula. Ena wokulipirirani amakhala atakonza kale, ena mumalowa m'mabungwe monga TK, AOK kapena Barmer, ndipo zimapitirira mayuro 100 pamwezi. Funsani ku International Office kuti inu muli mbali iti musanasaine chilichonse.

Chachinayi ndi akaunti ya banki, pakuti lendi ndi inshulansi amazidula okha ku akaunti mwezi ndi mwezi, ndipo wokulipirirani amatumiza ndalama kumeneko. Amene mukudzilipirira nokha munatsegula kale akaunti yotsekeredwa popempha viza, ya mayuro 11,904 pachaka monga anaikira kuyambira mu Seputembala 2024, yotulutsa mayuro 992 pamwezi. Ndalama imeneyo siiyamba kutuluka mpaka mutailumikiza ku akaunti wamba ya komweko. N'chifukwa chake ndinati mukhale ndi mayuro m'thumba.

Chachisanu ndi kulembetsa ku yunivesite ndi kulipira ndalama ya semesita, Semesterbeitrag. Mukatero mumalandira khadi ya wophunzira, yodyera motchipa ku Mensa, malo odyera a pa yunivesite, ndi yobwerekera mabuku. M'mayunivesite ambiri ndalama imeneyi imaphatikizapo tikiti ya mabasi ndi sitima wamba, koma osati sitima zothamanga za ICE. Funsani tsiku limene tikitiyo ikuyamba kugwira ntchito.

Simu ya kumeneko mukhoza kuigula m'masitolo omwe aja a Aldi ndi Lidl, koma siigwira ntchito mpaka mutadzitsimikiza ndi pasipoti. WhatsApp ikakufunsani ngati mukufuna kusintha nambala, mukhoza kukana n'kupitiriza ndi ya ku Malawi, kuti a kumudzi asakusoweni.

Pomaliza tsegulani pasipoti muone tsiku limene viza ikutha. Ngati ikutha maphunziro asanathe, muyenera kupempha chilolezo chokhalira ku ofesi ya alendo, Ausländerbehörde, viza isanathe, ndipo kumeneko mzere wake ndi wautali. Yambani msanga. Lemberaninso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Berlin kuti adziwe kuti muli m'dzikomo.

Thupi likatentha

Ichi ndikupemphani musachiiwale. Malungo mukhoza kuchoka nawo ku Malawi osadziwa, makamaka ngati munapita kukatsazika abale kumunsi kotentha monga ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Bwanje. Amadzaonekera patatha sabata kapena kupitirira, muli kale ku Ulaya, nthawi imene aliyense akudwala chimfine. Dokotala wa kumeneko saona malungo kawirikawiri, ndiye sangawaganizire msanga. Thupi likatentha m'masabata kapena miyezi yoyamba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mawu anu oyamba akhale akuti mwachokera ku dziko la malungo ndipo mukufuna akuyezeni magazi. Musadikire Lolemba. Nambala ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 112, ya apolisi ndi 110, ndipo 116117 ndi ya dokotala pa maola amene zipatala zing'onozing'ono zatseka. Zisungeni mu foni lero.

M'kalasi ndi pakati pa anthu

Safunsa anadya phula. Mphunzitsi akamaliza n'kufunsa ngati pali funso, amatanthauzadi, ndipo palibe adzakutsateni kuti mwamva kapena ayi. Maphunziro ena mumalembetsa nokha pa intaneti, mayesonso mumalembetsa paokha pa masiku ake. Onetsetsani kuti maphunziro amene mwasankha ndi omwe ali pa pangano losainidwa ndi yunivesite yanu ya ku Malawi. Ena akasintha, tumizani pangano latsopano kunyumba asaine mwezi woyamba womwewo, kuopa kubwerera ndi mamakisi osawerengedwa. Magiredi amayenda ngati mapointi a MSCE, yochepa ndiye yabwino: 1.0 ndi pamwamba, 4.0 ndi kungokhoza, 5.0 ndi kulephera. Pa ndandanda mukaona c.t. pambuyo pa ola, kalasi imayamba patapita mphindi 15. Kwina kulikonse 9 koloko ndi 9 koloko.

Akuluakulu ndi a m'maofesi muwatchule Herr kapena Frau ndi dzina la bambo, ndipo muwalankhule ndi Sie, amene ali ngati inu wathu. Du ndi iwe, wa ophunzira anzanu. Chenjerani ndi zikomo. Ife zikomo timamuika paliponse, polandira, podutsa, popepesa. Kumeneko wina akakupatsani tiyi inu n'kungoti danke, akhoza kumva kuti mwakana. Nenani ja, bitte. Ndipo mukakana chakudya mwaulemu podikira kuti akukakamizeni kachiwiri, mbale imachoka.

M'basi anthu sapatsana moni. Kwa mwana wa ku Ntcheu, amene sangadutse munthu panjira osafunsa mmene wadzukira, zimenezi zimalasa mtima masiku oyamba. Sakukudani. Pezani kumene moni aliko: pa mayunivesite ambiri pali gulu la ophunzira Achikatolika lotchedwa KHG ndi la mipingo ya Chipulotesitanti lotchedwa ESG, ndipo amalandira aliyense. Pitani sabata yoyamba, musanazolowere kukhala nokha. Munthu akakuchitirani zachipongwe chifukwa cha khungu lanu, zimene zimachitika ndithu, musazisunge mumtima. Kauzeni a International Office.

A kumudzi

Nkhani ya ndalama muikambe ndi abale musananyamuke. Mayuro mukawasintha m'mutu kukhala makwacha amaoneka phiri, koma lendi, inshulansi ndi chakudya zikachoka pamatsala zochepa. Mwezi woyamba ndiye wodula kuposa yonse, chifukwa cha chikole cha chipinda, ndalama ya semesita ndi zofunda, pamene ndalama ya wokulipirirani mwina isanafike. Auzeni amalume ndi onse mosabisa kuti ya feteleza chaka chino siichokera kwa inu. Lamulo limalola wophunzira wochokera kunja kwa European Union kugwira ntchito masiku 140 athunthu kapena 280 a theka pachaka, koma onani zimene zalembedwa pa viza yanu, ndipo ganyu isayambe musanakhazikike m'kalasi.

Gwirizanani ndi amayi tsiku limodzi pa sabata ndi ola loimbirana, kuti musamakhale pa foni usiku uliwonse anzanu ali kukhitchini. Mukafika kumayambiriro kwa Okutobala mudzapeza nthawi ikufanana ndi ya ku Malawi. Lamulungu lomaliza la mwezi umenewo a ku Germany amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo amakhala m'mbuyo mwathu mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi. Kuyambira pamenepo mdima umayamba kugwa msanga, moti mu Disembala pofika 4 koloko madzulo dzuwa limakhala likulowa. Awuzeni amayi zimenezi pasadakhale, kuti ikakwana 7 koloko ku Bembeke inu kumeneko ili 6 koloko ndipo mwina mukadali m'kalasi, asadere nkhawa foni ikapanda kuyankhidwa.